Chigoba Chimene Amayi Anayanika Padzuwa

Chaka chimene chifuwa cha ababa chinakula, mchimwene wanga wamng'ono anabwera kuchokera ku Harare atasenza makatoni awiri. Ife tinabadwira pafamu ya fodya kufupi ndi Trelawney, ndipo ine ndikadali pomwepo, ndimasankha fodya mu shedi. Mchimweneyo ndiye anathawa fodya. Amakonza makompyuta m'tauni, ndipo ndalama zake zonse zimathera m'masewero a pakompyuta, munthu wandevu kale. Ndinkamunyoza nazo kwambiri, ndipo mpaka lero ndimamunyozabe, kungoti pang'ono.

Ababa anachoka ku Dedza ali kamnyamata, potsatira atsibweni awo pa magalimoto a ulere onyamula anthu okagwira ntchito m'mafamu. Kumudzi anasiya achemwali awo, amene anawalera mayi awo atamwalira. Sanabwerereko. Poyamba kunali kusowa ndalama, kenako kusowa mapepala, ndiye ukalamba unabwera n'kutseka zonse. Diso lawo lakumanja linafa kalekale ndi ng'ala. Lakumanzere linkaona, koma ngati mu utsi wa m'balani. Tikawaonetsa chithunzi pafoni ankachiyandikitsa mpaka kumphuno, n'kutibwezera mwaukali, ati tikuwasuzumiritsa pa chibowo cha kiyi.

Pa Khirisimasi mchimwene wanga anapita yekha ku Malawi, n'kufunsafunsa mpaka anawapeza azakhali aja ali moyo. Anali atabwereka kwa mnzake kamera yojambula mbali zonse nthawi imodzi. Anaiimika pabwalo, azakhali anakhala pamkeka n'kulankhula ndi mlongo wawo ngati ali pomwepo. Mvula isanathe tinamva kuti azakhaliwo amwalira. Chimene chinatsala cha iwo ndi kanema ameneyo, ndipo ababa nawonso tinkawaona kuti akupita. Kupuma kwawo kunkamveka mpaka panja.

M'katoni imodzi munali kompyuta. M'inayo munali chinthu chimene iye ankachitcha hedeseti, chovala kumaso, chokhala ndi magalasi awiri okhuthala m'kati, ndi chingwe chachitali chopita ku kompyuta. Ukachivala, komboni imasowa, n'kupezeka uli kwina, ndipo ukatembenuza mutu malowo amaonekera mbali zonse. Anthu a pakomboni anangochitcha chigoba, chifukwa wochivala ankafanana ndi wa gule, ndipo mkulu wa mpingo wathu anachiyang'ana ndi diso loipa. Chinali chogula kwa munthu wina, chakalekale. Lamba wake anali womanga ndi tepi, chingwe chinali ndi mabandeji atatu, pakona panali mng'alu. Mchimwene wanga anati chagwapo kambirimbiri, wina anamenyapo nacho khoma, koma sichifa.

Kanema uja anali asanafike. Mwini kamera ndiye ankamukonza, ndipo analonjeza kumutumiza pa fulashi Loweruka, kudzera kwa kondakitala wa kombi, minibasi ya ku Banket. Ndiye Lachinayi tinayesa kaye ngati diso la ababa lingaone kanthu m'chigobamo. Tinawakhazika pampando, mchimwene wanga n'kuika masewero a mpikisano wa magalimoto. Posakhalitsa ababa anapinda miyendo ngati akuthawa kanthu, n'kunena kuti lole yofiira yatsala pang'ono kuwaponda. Anatchula mtundu wake molondola. M'katimo muli mdima mbali zonse, zinthu n'zazikulu, ndiye diso lawo linkagwira. Ine ndinatulukira panja kuti asamve kuti ndikulira.

Mchimwene wanga anatipatsa malamulo ngati a kuchipatala. Osakoka chingwe, osapukuta magalasi ndi chitenje, osachisiya pafumbi, osachigwira ndi manja a fodya. Koma komboni ilibe chinsinsi. Lachisanu tsiku lonse magetsi analipo, ndipo pakhomo pathu panali mzere ngati pachigayo. Oyendetsa thirakita, amayi a mu shedi, ngakhale mkulu wa mpingo uja anabwera, ati angoona kuipa kwake, n'kukhalitsamo kuposa onse. Mwamuna wa mnansi wathu, wochokera ku migodi ya ku Mutorashanga, anaika masewero oyenda pathabwa pamwamba pa nyumba zitalizitali, anachita chizungulire n'kugwa chagada, chigoba n'kumenya simenti. Ndinathamangira pomwepo. Tinachitola, chinali chikuwalabe. Kuyambira pamenepo tonse tinakhulupirira kuti chinthuchi n'chachitsulo, ndipo ine ndinasiya kuchidera nkhawa.

Chimene sichinapirire ndi siponji yogunda kunkhope. Pofika madzulo inali yonyowa ndi thukuta la komboni yonse, ikununkha fodya, mafuta odzola ndi dizilo.

Amayi ndi a ku Tete kwa makolo awo, ndipo mankhwala awo aakulu ndi dzuwa. Mabulangete, nsapato, yunifolomu ya chigwirizano, Baibulo likachita chinyezi, zonse zimapita padzuwa. Mwana akadwala, mphasa yake padzuwa. Munthu akamwalira, zovala zake padzuwa. Ndiponso ngakhale amaimba kwaya, zakale sanazitaye. Amakhulupirira kuti wodwala sagundana ndi thukuta la anthu wamba, poti sudziwa amene wagona kuti, angamuwonjezere matenda. Lachisanu madzulo ndinawamva akung'ung'udza kuti nkhope ya ababa singalowe m'chinthu chonunkha chotero. Ndinayankha kuti tiona mawa, maganizo anga ali kwina.

Loweruka m'mawa magetsi anali atapita. Mchimwene wanga anakwera kombi kupita ku Banket kukadikira fulashi, ine ndinapita ku shedi, poti nyengo yosankha fodya Loweruka ndi tsiku ngati lina lililonse. Dzuwa litakwera bwino foni inanjenjemera m'thumba la epuloni. Mu shedi saloleza mafoni, koma ndinabisala kuseri kwa mabelo. Anali iyeyo. Anati fulashi waipeza, akudikira kombi yobwerera, kenako anawonjezera ngati nkhani yaing'ono, akusakaniza ndi chilankhulo cha ku Harare.

"Sisi, pane chimwe ndinaiwala. Hedeseti ija musaiike pawindo. Dzuwa likalowa m'magalasimo limawotcha m'kati."

Ndinamufunsa kuti limawotcha pakapita nthawi yotalika bwanji. Anati kanthawi kochepa chabe, monga ana amayatsira pepala ndi galasi la tochi. Iye ku Harare amakhala m'kachipinda kotchinga makatani usana ndi usiku, ndiye zadzuwa sizinamubwerere m'mutu. Malamulo onse aja anatipatsa, n'kusiya lokhalo limene m'nyumba ya amayi linali lofunika.

Ndinadula foni. Ndinakumbukira kuti pochoka m'mawa ndinawasiya amayi akutulutsa mabulangete. Kapitawo anandiimitsa pakhomo la shedi, ati ndikupita kuti fodya ali pathebulo. Ndinamuuza kuti andidule tsikulo ngati akufuna, ndipo ndinamukankha phewa podutsa, munthu amene timamuwopa tonse. Kuchoka ku shedi kufika kukomboni umadutsa mabalani, dimba la mwini famu ndi mjigo. Ndinathamanga epuloni ili m'khosi, patapata mmodzi anaduka pa mjigo ndipo ndinamusiya pomwepo. Njira yonse ndinkapemphera kuti kubwere mtambo, koma kumwamba kunali mbee, dzuwa la mwezi wa Meyi lopanda chisoni.

Chigobacho ndinachiona ndili patali. Chinali pathandala pakati pa mbale, chogonekedwa chagada bwinobwino, magalasi akuyang'ana kumwamba kuti siponji iume. Amayi anali atachichotsa ku chingwe mosamala, n'kuyala kansalu koyera pansi pake. Ndinachitola n'kuchifunditsa epuloni. Chinali chotentha ngati mbale ya pamoto.

Ine ndili ndi pakamwa, aliyense pakomboni amadziwa. Ndinawakalipira amayi pabwalo, anansi akumva. Ndinawafunsa amene anawatuma, ndinawafunsa ngati chilichonse m'dziko muno ndi bulangete. Iwo anaima ndi ndowa m'manja, osamvetsa chimene chalakwika, poti kunja kwake chinkaoneka chimodzimodzi. Nditawafotokozera, anatula ndowa pansi pang'onopang'ono.

"Ndimati ababa ako asavale thukuta la anthu," anatero. "Chinagwa pasimenti dzulo osafa. Dzuwa ndiye lingachiphe?"

Inenso sindinkadziwa ngati lachipha. Ndinasuzumira m'magalasimo, munali mdima wokhawokha. Popanda magetsi sungadziwe kanthu. Ndinafunsa kuti chakhala panja nthawi yotani, amayi anati kuyambira pamene anatsuka mbale za phala. Beseni lalikulu linali litatsamira pambali pake, mwina mthunzi wake unaphimba mbali ina, mwina ayi.

Kudikira kumeneko sindidzakuiwala. Ababa anali m'nyumba, atadzuka kale n'kupempha madzi ofunda. Anameta ndevu, anavala shati yoyera ndi jekete ya kutchalitchi, ati sangakumane ndi achemwali awo ali ngati wopemphetsa. Phokoso langa analimva, koma anaganiza kuti ndi mkangano wathu wa masiku onse. Ankangofunsa ngati kombi yafika, n'kutsokomola, n'kufunsanso. Amayi anakhala pakhonde akupinda bulangete limodzi lomwelo n'kulipindulanso. Ine ndinakhala pafupi ndi switchi, ndikuyang'ana babu. Mkwiyo unali utatha, m'malo mwake munalowa mantha, ndipo mantha ndi oipa kuposa mkwiyo chifukwa alibe womukalipira.

Mchimwene wanga anafika masana akumwetulira, fulashi ili m'thumba la shati. Nditamukokera kuseri kwa nyumba n'kumuuza, anagwira m'mutu n'kukhala pansi pafumbi. Ndinamufunsa ngati kungapezeke china. Anati ku Harare mwina, pakapita milungu, ngati mnzake wina angalole kubwereketsa chake kuti chipite kufamu. Tonse awiri tinamvera chifuwa cha ababa kudzera pakhoma, ndipo palibe anatchulanso za milungu.

Magetsi anabwera dzuwa litapendeka. Firiji ya anansi inalira, ana anakuwa kumzere wa nyumba zakumtunda. Mchimwene wanga analumikiza chingwe, anayatsa kompyuta, anavala chigoba. Ndinkamuyang'ana pakamwa, poti ndipo pokha pankaoneka. Anatseka diso limodzi, kenako linalo, ndinaona tsaya likukwera. Anachivula n'kundipatsa.

Mbali yakumanja inkaoneka bwino, kupatula kamzere kofiirira cha m'mphepete. Mbali yakumanzere inali ndi chibala chachikulu chakuda pakati penipeni, chokhala ndi michira, monga tsamba la fodya likapsa m'balani. Ukatembenuza mutu chibalacho chimatembenuka nawe. Dzuwa linali litasankha mbali yomweyo ya diso lamoyo la ababa.

Panalibe zobisa. Tinalowa kuchipinda, mchimwene wanga n'kugwada pafupi ndi mpando n'kufotokoza. Sanatchule amayi, koma amayi anali pakhomo ndipo anadzitchula okha. Anati ndi iwo anachiyanika. Ine ndinkadikira kuti ababa apse mtima, poti ukali wanga ndinautengera kwa iwo. Iwo ankangopuma movutikira, manja ali pamabondo. Kenako anapempha kuti tiwapatse chinthucho. Anachipapasa, n'kufunsa kuti diso lake lakufa ndi liti. Tinawagwiritsa chala pagalasi lakumanzere.

"Ndiye nachonso n'cha diso limodzi," anatero. "Lakufa lipite kwa lakufa linzake."

Anachizondotsa, pamwamba kukhala pansi, n'kuchigunditsa kunkhope. Ine ndinati zonse zioneka chadodolido, azakhali akhala miyendo m'mwamba. Mchimwene wanga anati sakudziwa, sanayesepo, palibe munthu amavala motero. Anachitenga n'kuyesa yekha chozondotsa. Anakhala kanthawi, kenako anati zaima bwino, chifukwa chinthucho chimadziwa chokha kumene kuli pansi. Vuto linali lamba. Chozondoka sichinkagwira m'mutu, chinkatsetsereka, ndipo mpata wa mphuno unali pachipumi, kuwala kukulowera pamenepo. Pankafunika munthu wochigwira nthawi yonse, osanjenjemera, apo ayi chithunzi chigwedezeka ndipo ababa achita chizungulire.

Ndinatambasula manja, koma amayi anali atafika kale. Sanapemphe. Anavula duku, zimene sachita pamaso pa ana, n'kutseka nayo mpata wa pachipumi. Anaima kumbuyo kwa mpando, mutu wa ababa utatsamira pamimba pawo, n'kugwira chigoba ndi manja awiri. Mchimwene wanga anaika fulashi. Kompyuta inachedwa kuiwerenga, kabwalo kakuzungulira pa sikirini, ndipo ine ndinkayang'ana babu chifukwa magetsi athu amabwera ngati mlendo wosakhala pansi. Kenako sikirini inayera.

Ife tinkaonera pa kompyuta chimene iwo ankaona. Bwalo losesa, nkhokwe, mbuzi itamangidwa pachikuni, phiri kumbuyo. Ababa anayamba kutembenuza mutu pang'onopang'ono, amayi akutsatira ndi manja. Sanalankhule. Ndinayamba kuopa kuti sakuona kanthu, kuti angotikomera mtima. Ndiye anatchula dzina la phirilo, n'kunena kuti mtengo wa mkuyu umene unali kumunsi kwake palibe, adula. Mchimwene wanga anandiyang'ana, anagwedeza mutu kuti n'zoona, ali kumudziko anthu anamuonetsa chitsa chake.

Azakhali anali pamkeka, kagogo kakang'ono kovala juzi yaikulu. Anakonza chitenje, anayang'ana kamera mokayika, n'kufunsa wojambula ngati mlongo wawo akumvadi. Kenako anawaitana ababa ndi dzina la paubwana, limene ngakhale amayi anali asanalimvepo. Ababa anayankha kuti "Wawa," ngati mwana woitanidwa kuchokera kudambo.

Zimene azakhali analankhula zinali wamba. Anatchula amene anamwalira ndi amene atsala, anadandaula za miyendo ndi za feteleza, anati munda wa mayi awo akulima ndi adzukulu. Anawakalipiranso pang'ono, ati munthu wotani wopita kukagwira ntchito osabwerako. Ababa ankayankha chilichonse. Ankavomera, ankakana, pena kuseka mpaka kutsokomola, ndipo akatsokomola amayi ankalimbitsa manja kuti chigoba chisasunthe. Ndinaona mikono yawo ikuyamba kunjenjemera, thukuta likutsika m'khosi. Ndinanong'ona kuti ndiwalandire. Anakana ndi mutu osandiyang'ana.

Cha kumapeto azakhali anasendera kutsogolo pamkeka. Anati popeza maso awo saonanso bwino, abwere pafupi awapatse moni, ndipo anatambasulira dzanja ku kamera. Ababa nawo anatambasula lawo, dzanja lina litagwira pamkono mwaulemu. Linayendayenda m'malere pakati pa chipinda chathu, likufunafuna. Manja a amayi anali otanganidwa, mchimwene wanga anali kukompyuta atazyolika. Ndinagwada n'kuika dzanja langa m'menemo, lakuda ndi utomoni wa fodya wa mu shedi, poti kuyambira m'mawa ndinali ndisanasambe.

Analigwira ndi mphamvu imene sindinkadziwa kuti akadali nayo. Anapapasa zala zanga chimodzichimodzi, ndipo ndikudziwa kuti anazizindikira, chifukwa ndi iwo anandiphunzitsa kusankha fodya.

"Ndakudziwa, mwanawe," anatero chapansipansi. "Koma usachotse."

Sindinachotse. Anatembenukiranso kwa achemwali awo n'kuwauza kuti anayenda bwino, kuti ali ndi ana awiri, ndi mkazi wa ku Tete amene amawasamala. Kanema anatha, sikirini inada, iwo akadali chigwirire. Amayi anatsitsa chigoba, mikono itauma moti inakanika kuwongoka, ndipo duku yawo itatsetserekera kumaso kwa ababa inanyowa ndi misozi mbali yakumanzere yokha.

Ababa anamuonanso kawiri kanemayo sabata yotsatira, amayi akugwira ulendo uliwonse. Ababa tinawaika m'manda a pafamu fodya asanathe kugulitsidwa. Tsiku lotsatira maliro amayi anatulutsa zovala zawo zonse n'kuziyanika padzuwa, shati yoyera ija ndi jekete. Ine ndinawathandiza kunyamula, ndipo chigoba anachikulunga okha m'duku muja n'kuchiika pansi pa bedi.